Dzanja Lothira Mchere

Chiponde ndinayamba kugulitsa ndili ndi pakati pa mwana wanga woyamba. Nsawa zinkachokera kwa amayi anga ku Chipangali. Ine ntchito yanga inali kukazinga pa mbaula kuseri kwa nyumba yathu ya lendi ku Chipata, kupukusa, kupeta, kuthira mchere, kenako kusenza ndowa kupita kwa bambo wina amene anali ndi makina ogayira. Ndikabwerako ndinkathira m'mabotolo n'kupita nawo kumsika.

Chiponde changa chinali chabwino, zimenezo sindingabise. Vuto linali lakuti pamzere wathu tinalipo azimayi ambiri, mabotolo ofanana, mtengo wofanana. Wogula ankangotenga lomwe lili pafupi ndi dzanja lake. Mwana atabadwa zinthu zinavutirapo, chifukwa kumsika sindinkakhalitsa. Matumba a nsawa omwe amayi anandipatsa chaka chimenecho anangoima pakona m'chipinda, ndipo ndikamagona ndinkamva fungo lake.

Alamu anga, achemwali awo akulu a bambo a mwana, ali ndi shopu m'tauni. Ndi munthu wothandiza, koma pakamwa pawo palibe chitseko. Tsiku lina atabwera kudzaona mwana anasuzumira m'chipinda muja.

“Alamu, matumba awa mukuweta? Adzaswana?” anandifunsa.

“Adzatha, alamu.”

“Adzamaliza ndi makoswe. Siyani kudzipsereza ndi utsi, bwerani mudzaime m'shopu mwanga. Mwana azigona pansi pa kauntala, malo alipo.”

Bambo a mwana anali pomwepo, akuyang'ana nsapato zawo. Ndinadziwa kuti nkhaniyi anakambirana kale awiriwo. Sindinafune kukangana, choncho tinagwirizana kuti mvula ikayamba matumba aja akadalipo, ndisiya chiponde n'kupita kukaima m'shopu. Ndinavomera ndi pakamwa, koma mumtima ndinkaona mwana wanga atagona pa katoni pakati pa sopo ndi machesi, ine ndikupempha chilolezo nthawi iliyonse ndikafuna kupita naye kusikelo.

Mwezi wotsatira inali nthawi yanga yolandira chilimba. Tinali azimayi angapo amene tinkasonkha ndalama mwezi ndi mwezi, n'kumapatsa mmodzi mosinthana. Aliyense ankadziwa kuti ndigula makina ogayira, nanenso ndinkaganiza choncho. Koma nditaziganizira bwino ndinaona kuti makina angondithandiza kupanga chiponde chambiri, pamene chomwe ndinali nacho kale sichinkatha. Matenda anga sanali opanga, anali ogulitsa.

Pa foni ya mnzanga wina wa chilimba ndinali nditaonapo kavidiyo ka katuni kotsatsa zakudya za nkhuku. Anapiye ojambulidwa ankavina, ana athu n'kumapempha kuti tibwereze. Ndinadzifunsa kuti nanga chiponde sichingavine? Vidiyo yojambula ine mwini sindinaifune. Kuseri kwa nyumba yathu kuli khoma lakuda ndi zovala za aneba pa chingwe, komanso nkhope ya mwana wanga sindinafune kuti iziyenda m'mafoni a anthu osawadziwa. Katuni ikanandipatsa khitchini yoyera popanda kugula penti.

Wojambulayo ndinamupeza m'kasitolo kena kosindikiza mapepala, kumene anali ndi tebulo lake pakona. Anali mtsikana wa msinkhu wanga, wokulira ku Lusaka, wa magalasi akuluakulu. Ndinamuuza zonse zimene ndinalota: munda wa nsawa, ngolo ya ng'ombe, ana asukulu akudya buledi, azimayi akuimba, minibasi ikubwera m'tauni. Anandimvetsera mpaka kumapeto, kenako anavula magalasi.

“Asisi, mwabwera ndi ndalama za filimu yonse?”

Anandifotokozera mmene amawerengera mtengo, ndipo anafotokoza bwino. Katuni ikatalika, mtengo umakwera. Munthu aliyense woyenda m'katunimo ali ndi mtengo wake, chifukwa ayenera kumujambula kutsogolo, kumbali, miyendo, pakamwa. Ng'ombe nayo ndi munthu. Mawu akalankhula wa pawailesi, amalipidwa payekha.

“Nanga nkhuku yongodutsa?” ndinafunsa.

“Ikadutsa ilipira. Ikangoima ngati youmba, ndi yaulere.”

Tinaseka, kenako tinayamba kuchotsa. Ng'ombe zinabwerera kukhola, ana asukulu anapita kwawo. Tinatsala ndi theka la mphindi: mayi wobereka mwana kumbuyo, chiwaya cha nsawa pa mbaula, mchere, makina, botolo. Mawu ndinati ndilankhula ndekha. Mtengo wa botolo ndinakana kuti ulembedwe m'katunimo, popeza mitengo ya kuno sikhala pansi, ndipo sindinafune katuni yoti ikalambe mwezi umodzi. Ndinapemphanso kuti akamaliza adzandipatse chithunzi chimodzi choti ndizimata pa mabotolo. Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi n'kunena kuti ndikanakhala kasitomala wake woyamba akanasiya ntchitoyi kalekale, koma anavomera.

Ndalama za chilimba sindinamupatse zonse. Ndinazigawa patatu. Gawo lalikulu linali la wojambula, theka poyamba, theka akamaliza. Gawo lina linali la mabandulo a intaneti otumizira vidiyoyo. Lachitatu linali la mabotolo, makala ndi kugayitsa, chifukwa kuitana anthu iwe ulibe chowapatsa ndi kutaya ndalama kawiri. Gawo limeneli ndinalumbira kuti sindidzalikhudza.

Chinthu chimodzi chimene mtsikana uja ananena ndinachisunga kwambiri. Anati amayamba ndi zithunzi zosayenda pa mapepala, zosonyeza nkhani yonse. Pa mapepalapo ukhoza kusintha chilichonse osalipira. Koma ukangovomereza, iye n'kuziyendetsa, kusintha kulikonse kumakhala ngati kumasula diresi yosokedwa kale, ndipo umalipira.

Tsiku lomwe anandipatsa mapepala aja ndinatsala pang'ono kulira. Mayi wa m'katuniyo anali wokongola kuposa ine, wovala chitenje chobiriwira ndi duku loyera. Kumbuyo kwake kunkaoneka kamutu kakhanda, kopanda tsitsi, kokhala ndi kachipewa.

“Ndiyambe?” anafunsa.

“Ndipite nawo kaye kunyumba.”

“Ena amavomereza pompano, asisi.”

“Ena ali ndi ndalama zosinthira.”

Ndinayenda nawo mapepalawo m'chikwama cha matewera. Azimayi a chilimba anati ndi okongola. Bambo a mwana anati ndi okongola, koma anafunsa kawiri kuti ndalipira zingati. Alamu anawatembenuza uku ndi uku.

“Ndiye makina aja ndi awa? Agaya bwino ndithu. Anzanu akugula malata, inu mwagula zidole.”

Ndinangoseka nawo.

Kumapeto kwa sabata ndinapita ku Chipangali kukaonetsa mwana. Amayi ndinawapeza pa khonde masana, akusenda nsawa zambewu. Atamunyamula mdzukulu wawo n'kumutukwana mwachikondi kuti wanenepa ngati mwana wa sitolo, ndinatulutsa mapepala. Anapukuta manja pa chitenje, n'kumawayang'ana atawatalikitsa ndi maso. Loyamba anamwetulira. Lachiwiri anati mbaula yake ndi yabwino. Pa lachitatu analoza ndi chala.

“Uyu akuthira chiyani?”

“Mchere, amayi.”

“Ndi kakhanda aka kumbuyo?”

Ndinayang'ananso pepalalo. Kwathu mkazi amene wangobereka kumene sathira mchere m'chakudya cha anthu ena, chimodzimodzinso amene ali kumwezi. Amaitana wina kuti amuthirire. Akuluakulu amati ukaphwanya mwambowu odyawo amadwala, amatupa ndi kutsokomola. Ineyo ndinausunga mwambowo nditangobereka, ngakhale sindinganene kuti ndimaukhulupirira ndi mtima wonse. Koma pa mapepala paja sindinauone n'komwe. Ndinkangoona kukongola kwa duku.

“Amayi, wangayu si wakhanda, akukwawa kale. Zonse tinachita, inu munalipo.”

“Wako akukwawa, inde. Nanga uyu adzakwawa liti? Chaka chamawa adzakhala ali pomwepa ndi kachipewa kake, amake akuthirabe mchere.”

“M'tauni anthu anasiya zimenezo.”

“Anasiya kuzinena. Ukuganiza kuti adzakuimbira foni kuti mayi, taopa mchere wanu? Adzati katuni yokongola, kenako adzagula kwa mnzako.”

Ndinati ndimuuza wojambula akulitse mwanayo. Amayi anapukusa mutu. Anati ngakhale mwanayo amere ndevu, mkazi wa msinkhu wanga ali ndi masiku ake, ndipo wogula wa mtima wotere amawerengera zimenezo. Chiponde cha kumsika amagula chifukwa saona amene wathira. Ine ndinali nditalipira ndalama kuti ndiwaonetse.

Kuchotsa mcherewo sikukanatheka. Mawu anga onse anatsamira pamenepo: nsawa ndi mchere basi, palibe mafuta, palibe shuga. Njira yoonekeratu inali kuwonjezera agogo m'katunimo kuti azithira ndi iwo. Koma agogo ndi munthu wathunthu, wa miyendo ndi pakamwa, ndipo mtengo wawo ukanadya gawo lija la mabotolo. Ndikanakhala ndi katuni yaulemu ndi mashelefu opanda kanthu.

M'minibasi pobwerera ndinakhala pakati, mwana pamiyendo, thumba la munthu wina likundikanikiza paphewa. Titaima pa siteji ina ogulitsa anathamangira ku mawindo. Kumene ndinakhala sindinkaona nkhope zawo, ndinkangoona manja akulowa ndi nthochi ndi chimanga chootcha. Dzanja lina linali lamakwinya, la misempha yotuluka, ndipo ndinamva mnyamata wa pawindo akuti, “Agogo, chenji yanga.” Iyenso sanasuzumire panja. Dzanjalo linamuuza lokha.

M'mawa mwake ndinalawirira kwa wojambula ndisanatsuke ndi mbale zomwe. Ndinamufotokozera za mchere. Anagwira pakamwa.

“Agogo anga ankanditumadi kuthira mchere ndili wamng'ono! Ndinkaganiza kuti ndi ulesi wa amayi.”

“Asisi, munthu wathunthu ndadziwa mtengo wake. Nanga dzanja lokha ndi zingati?”

“Dzanja lokha?”

“Lingolowa chakumbali, lithire mchere, lituluke. La munthu wamkulu.”

Anaseka mpaka mwini sitolo anatembenuka. Kenako anatenga pensulo n'kuyesa pomwepo. Anati popeza tikadali pa mapepala, ndipo dzanja lilibe miyendo, sandilipiritsa kanthu. Koma anati manja a nkhalamba ongopeka amaoneka ngati mapazi a nkhuku, bwino atajambula dzanja lenileni.

Ndinawaimbira amayi. Anamvetsera, kenako anati, “Dzanja langa lisakanamize anthu. Likaoneka likuthira mchere, ndiye kuti mcherewo ndizithira inedi.” Ndinati sangamabwere m'tauni nthawi iliyonse ndikakazinga. Anati ndani wanena zobwera? Nkhuni kumudzi zilipo, chiwaya chilipo. Iwo azikazinga, kupukusa ndi kuthira mchere konko, n'kumatumiza ndowa zotseka pa minibasi, ine ndizingogayitsa ndi kuthira m'mabotolo. Ndiziwalipira pa ndowa iliyonse. Nditawerengera ndinapeza kuti ndalama zomwe ndinkaotcha pa makala zikukwanira kuwalipira, komanso mwana wanga asiya kupuma utsi. Matumba aja a pakona anakweranso minibasi kubwerera komwe anachokera, aneba akudabwa kuti nsawa zikupita kumudzi.

Tsiku lojambulitsa amayi anabwera atavala chitenje chawo cha kutchalitchi, nsapato zopolisha ndi duku latsopano.

“Amayi, akujambula dzanja lokha.”

“Dzanjalo lili ndi mwini wake.”

Wojambula anawalandira ndi manja awiri, n'kuwapempha kuti achite ngati akuthira mchere. Amayi anakana kuchita zongoyerekeza, anaitanitsa mchere weniweni ndi mbale. Dzanja lawo lamanja lili ndi chibangili cha waya wamkuwa, ndipo kachala kakang'ono kanapindika kalekale ndi khasu. Mtsikana uja anafunsa ngati akawongole pojambula. Amayi anati akangokawongola ndiye kuti ndi dzanja la munthu wina, akamulipire yemweyo.

Mawu tinajambulira m'galimoto ya mwini sitolo, mawindo otseka, chifukwa m'sitolomo makina ankasokosa. Ndinabwereza kambirimbiri. Lilime linkalemera, ndinkalankhula ngati ndikuwerenga pamaso pa aphunzitsi. Mtsikanayo anati ndiyiwale foniyo, ndilankhule ngati ndikuitana mnzanga kumsika. Pamene zinatheka bwino, mwana anaseka kumapeto kwake, ndipo kusekako anakusiya momwemo.

Katuni itatha ndinaionera nditaimirira. Nsawa zinkadumpha m'chiwaya, mayi uja akuvundula, kenako dzanja lija linalowa pang'onopang'ono, chibangili chikugwedera, mchere n'kugwa ngati mvula yowaza. Ndinalipira theka lotsala ndi mtima woyera.

Mabandulo sindinawamwaze tsiku limodzi. Ndinatumiza kwa azimayi a chilimba, ku gulu la amayi a kutchalitchi, ndi kwa anzawo a kuntchito a bambo a mwana, n'kupempha aliyense kuti apatsireko ena. Zotsalazo ndinasungira kumapeto kwa mwezi, anthu a malipiro akalandira. Masiku oyamba foni inali zii. Ena ankangotumiza tinkhope toseka. Alamu ankandiimbira kufunsa ngati zidole zayamba kugula, n'kuwonjezera kuti mitambo yayamba kusonkhana cha ku Malawi. Ndinkayang'ana kumwamba nanenso, koma ndinapitiriza kutsuka mabotolo ndi kumata chithunzi cha dzanja lija pa lililonse.

Woyamba kuimba anali mayi wachikulire wa ku Madzimoyo, amene anaona katuniyo pa foni ya mwana wake.

“Ndinu a chiponde cha agogo?”

Ndinatsala pang'ono kunena kuti alakwitsa nambala. Dzina limenelo sindinalipeke ine, anthu analipereka okha. Anafuna mabotolo a iye ndi a azimayi anzake. Za mchere sanatchule, nanenso sindinatchule. Anangoti, “Mwanawe, unaleredwa.”

Kenako anandiitana mayi wina wa banja lachisilamu lomwe lili ndi sitolo yaikulu pafupi ndi msika. Anati apongozi ake, amene makolo awo anachokera ku Malawi, sadya chiponde chogula, koma ataona dzanja lija analamula kuti ayese botolo limodzi. Tsopano ankafuna katoni yathunthu yoti aziika m'sitolo. Achinyamata nawo ankagula, iwo chifukwa ana awo ankakonda nsawa zodumpha ndi kuseka kwa mwana. Aliyense anaonamo chake. Apa m'pamene gawo lachitatu lija linandipulumutsa, chifukwa palibe amene ndinamuuza kuti abwere mawa.

Mvula yoyamba inagwa ine ndili pa foni ndi amayi, tikukambirana zogula nsawa kwa aneba awo, popeza zathu zinali zitatha. Ndinatuluka panja ndi mwana kumbuyo n'kuima pa khonde kumvera fungo la dothi. Bambo a mwana anabwera atanyowa, anayang'ana pakona paja pomwe panali matumba, n'kunena kuti iwo ankadziwa kuyambira pachiyambi. Ndinawapatsa thaulo.

Katuni ija ndikuigwiritsabe ntchito mpaka lero. Nthawi ya Ncwala, mwambo wa Angoni, anthu akamakhamukira ku Mtenguleni, wojambula amangosintha mawu a kumapeto kuti anene pomwe ndaima, pa mtengo wochepa. Anandiduliranso kachidutswa kakafupi ka dzanja lokha, kosadya bandulo. Mtengo wa botolo wasintha kangapo, katuni sinasinthe. Makina ogayira ndinadzagula pambuyo pake, ndi ndalama za chiponde. Mwana wanga tsopano amathamanga, ndipo akaona kakhanda ka m'katunimo amati ndi mng'ono wake. Amayi ku Chipangali sagwiranso ntchito ina iliyonse popanda chibangili chija, ndipo alendo akabwera amawapatsa moni motalikitsa kuti aone kachala.

Alamu anatenga nthawi. Anayamba ndi kutuma mtsikana wawo wa m'shopu kudzagula botolo limodzi, ati la mlendo. Kenako tsiku lina anabwera okha masana, n'kukhala pa mpando osavula chikwama paphewa.

“Alamu, anthu akundivutitsa. Aliyense wolowa m'shopu akufuna cha agogo, cha agogo. Ine ndiwauze kuti chiyani, pamene agogowo ndi apabanja pathu?”

“Mufuna angati, alamu?”

“Makatoni awiri. Koma mtengo wake ukhale wachibale.”

“Wachibale ndi womwewo wa aliyense, kungoti inu ndidzakubweretserani ndekha.”

“Taonani, zidole zamupatsa mwano mlamu wangayu!” anatero akuseka, uku akutsegula chikwama.

M'mawa mwake ndinapita nawo makatoniwo, mwana akuyenda pambali panga atagwira chitenje. M'mashelefu munali modzaza, ndiye alamu anangoika mabotolo ochepa poonekera. Otsalawo anati ndilowetse pansi pa kauntala. Ndinagwada n'kuwakankhira mkati, pakati pa sopo ndi machesi, ndipo anakwana bwinobwino.